Chimbale chopanda woimba

Mng'ono wanga atandipeza ndikumvera Endtroducing....., anakhala phee kwa mphindi zingapo, kenako n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga woimbayo ayamba liti?" Ndinamuuza kuti asadikire, sabwera.

Chimbalechi ndi choyamba cha DJ Shadow, mnyamata wa ku Davis ku California, yemwe dzina lake lenileni ndi Josh Davis. Chinatuluka mu 1996 kudzera ku kampani ya Mo' Wax ya ku London. Gitala kapena ng'oma sanagwire. Iye ankatsikira m'chipinda chapansi pa sitolo ya Rare Records ku Sacramento, momwe munali milumilu ya malekodi akale, afumbi, omwe anthu anali atawaiwala. Apa atape kugunda kwa ng'oma, apo kachidutswa ka piyano, kwina mawu a munthu akulankhula, n'kumazilukira pamodzi pa makina a Akai MPC60. Mverani "Midnight in a Perfect World" usiku, magetsi atazima: ng'oma ikulemera, piyano ikudontha pang'onopang'ono, mpaka mtima kugwidwa ndi chisoni chosadziwika komwe chachokera.

Olemba za nyimbo ku Britain ndiwo anayamba kuchiyamikira, a kwawo ku America n'kudzatsatira pambuyo. Mu 2001 buku la Guinness World Records linachilemba kuti ndi chimbale choyamba chopangidwa chonse ndi zidutswa zotapa, ndipo mu 2006 magazini ya Time inachiika pa zimbale 100 zopambana.

Koma m'matamandowo muli china chimene chimandiwawa. Ambiri anachitcha trip hop, ngati kuti chinthu chokoma chonchi sichingakhale hip hop. Mwini wake dzinalo analikana, ndipo ine ndili kumbali yake. Hip hop inayambira m'manja mwa DJ. Pamene Kool Herc ankavinitsa anthu ku Bronx mu 1973, chomwe chinkawadzutsa pampando ndi ng'oma ya pa lekodi yomwe iye ankaibwerezabwereza. Wolankhula pa maikolofoni anali wothandiza chabe. Shadow sanachoke pamudzi, anangobwerera kuchitsime.

N'chifukwa chake ndimamva chisoni nyimbo ikatha pa wailesi zathu, muulutsi n'kutchula woimba yekha. Mnyamata amene anachezera usiku wonse mu situdiyo kupanga biti ija sakumbukiridwa n'komwe. Aulutsi athu, chonde, muzitchulanso dzina lake.