Chikomekome cha mkuyu ku Westeros

Masiku ano wachinyamata akaonera Game of Thrones kapena House of the Dragon amatuluka ndi chigamulo chimodzi: nthano imene munthu wabwino amakhalabe wabwino mpaka kumapeto ndi ya ana. Mawu amenewa amapweteka kumva, makamaka chifukwa owalankhulawo sanamvetse nkhani imene akuitamayo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamenepa ndi pamene George R. R. Martin anamangapo buku lake la A Game of Thrones, lonena za dziko la Westeros, mu 1996. Jaime Lannister ndi msilikali wokongola, wolumbira kuteteza mfumu, koma akukankha kamnyamata, Bran Stark, pazenera la nsanja chifukwa kamupeza akugona ndi mlongo wake Cersei. Nyerere zake ndi zimenezo. Koma Martin sanalekere pomwepo. M'buku lachitatu, A Storm of Swords, la mu 2000, Jaime atadulidwa dzanja limene ankagwirira lupanga, anaululira msilikali wamkazi Brienne ku Harrenhal chimene anaphera Mfumu Aerys: mfumuyo inkafuna kutentha mzinda wa King's Landing ndi anthu onse okhalamo. Zaka zonsezo dziko linkamunyoza chifukwa cha chinthu chabwino kwambiri chimene anachitapo. Wowerenga amene ankadana naye amasowa pogwira, ndipo luso la wolemba lili pamenepo.

Nanga Ned Stark, bambo wa Bran? Ambiri amati anadulidwa mutu chifukwa chilungamo ndi uchitsiru. Aiwala kuti mu A Dance with Dragons, mu 2011, anthu a m'mapiri a kumpoto akuyenda m'chipale chofewa, ali ndi njala, kukapulumutsa mtsikana amene akukhulupirira kuti ndi mwana wa Ned. Dzina la munthu wakufa likadali kudzutsa amoyo.

Otsanzira atola nyerere zokhazokha. Wansembe aliyense akhale wachinyengo, mfumu iliyonse chilombo, ndipo wachifundo afe msanga kuti owonera adzidzimuke. Choipitsitsa ndi kugwiritsa ntchito kugwiriridwa kwa akazi ngati mchere wokometsera ndiwo. Mu 2015 opanga filimu ya HBO anachitira Sansa Stark nkhanza zimene m'buku sizinamugwere iyeyo. Mu 2019 anamusandutsa Daenerys wotentha mzinda mothamanga, ngati munthu wophika nsima madzi asanatenthe. Kumeneku si kuzama. Nkhuyu zonse zikakhala ndi nyerere, palibenso chodabwitsa pozing'amba. Wowonera amadziwiratu kuti womwetulira aliyense wabisa mpeni.

Zoona, mdima uli ndi malo ake. Glokta wa Joe Abercrombie, mu The Blade Itself ya mu 2006, ndi wozunza anthu amene naye anapundulidwa pozunzidwa, ndipo amakhala m'mtima mwa wowerenga nthawi yaitali. Ngakhale Kalulu wa nthano za agogo sanali woyera: anakana kukumba chitsime, nkumadzaba madzi mwachinyengo.

Koma onyoza Tolkien akawerengenso The Lord of the Rings. Boromir anagonja ku chilakolako cha mphete yoipa ya m'nkhaniyo. Frodo mwiniwake, atafika pamoto wa Mount Doom, anakana kuiponya. Inawonongeka chifukwa Gollum anali akadali moyo, ndipo anali moyo chifukwa Bilbo, kenako Frodo, anamuchitira chifundo pamene akanatha kumupha.