KUKOPERA CITHUNZI CA KATSWIRI SI KUBA

Alipo aphunzitsi ena amene amadzudzula mwana akampeza alikukopera cithunzi ca katswiri wakale, namuuza kuti kutero nkuba nzeru za mwini. Aphunzitsi otere alikulakwa, makamaka pa nchito yojambula mapiri, mitsinje ndi mitambo ndi utoto wa madzi.

Utoto umenewu ngwosiyana ndi wa mafuta. Kuyera kwa mtambo ndi pepala lenilenilo limene wojambula walisiya losapaka. Akalidetsa, nkovuta kuliyeretsanso. Cifukwa cace amayamba ndi utoto wosungunulidwa kwambiri, nayembekeza kuti uume, nawonjezera woderapo pamwamba pace. Phiri silingaphunzitse mwana dongosolo limeneli. Cithunzi ca katswiri cimaphunzitsa, pakuti utoto wapansi umaonekera kupyola wapamwamba, ndipo woyang'ana mofatsa angathe kuzindikira umene unayamba ndi umene unatsatira.

Umboni wa zimenezi uli ku London. Ca m'ma 1794 anyamata awiri obadwa mu 1775, J.M.W. Turner ndi Thomas Girtin, anayamba kupita madzulo kunyumba ya Dr Thomas Monro ku Adelphi Terrace kukakopera zojambula za John Robert Cozens, zoonetsa maiko a Switzerland ndi Italy. Girtin anali kulemba mizere ndi pensulo, Turner napaka utoto. Anatero zaka ngati zitatu. Cozens mwini wace anali atadwala misala, ndipo sing'anga wace anali Monro yemweyo. Anamwalira mu 1797.

Turner anafika ku mapiri a Alps mu 1802, dzanja lace litawazolowera kale papepala. Kodi kukopera kunamsandutsa kapolo wa Cozens? Iai. Cithunzi cace ca 1842, The Blue Rigi, ca phiri la ku Switzerland m'bandakuca, sicifanana ndi ca munthu wina aliyense, ndipo nyumba ya zithunzi ya Tate inacigula mu 2007 ndi mapaundi 4.95 miliyoni.

Komabe kunyumba ya Monro kunali colakwa cimodzi. Mapepala ambiri analibe maina, kotero kuti kufikira lero akatswiri amatsutsana pofuna kudziwa kuti dzanja linali la yani. Apa ndipo mphunzitsi ayenera kuumirira: mwana alembe kuseri kwa pepala dzina la mwini cithunzi, dzina lace ndi tsiku, ndipo akakopera kawiri kapena katatu atuluke panja ndi burashi yace akayese mtambo weniweni.