Chaka chino tipite ku Liwonde, Senga Bay yatikwana

Anzanga, komiti ya ulendo wa kumapeto kwa temu yayamba kutolera ndalama, ndipo mphekesera ndi yomwe ija: Senga Bay. Chaka chatha tinali komweko, chinacho komweko. Timafika, kujambulitsa, kudya chipisi, kunyowetsa mapazi aphunzitsi akukuwa kuti tisapite pakuya, basi kubwerera. Ine ndikuti ulendo uno tipite ku Liwonde, tikakwere boti pa Shire.

Ambirife mtsinje womwe timaudziwa ndi Lilongwe, uja timawoloka pa timilatho tamatabwa tolipira tikamapita ku Tsoka kukasankha kaunjika, mphuno titatseka. Koma madzi amenewo ali pa ulendo. Amachokera ku Dzalanyama, amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Nyanja yonse ija khomo lake lotulukira ndi limodzi lokha, Shire, ku Mangochi. Shire akadutsa nyanja ya Malombe ndi uyo pa Liwonde. Mwaona? Tikakhala tikulondola madzi akwathu omwe.

Pa Liwonde pali Kamuzu Barrage, yomangidwa mu 1965. Zitseko zake ndi zimene zimachepetsa kapena kuwonjezera madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, komwe kumachokera magetsi athu. Magetsi akathima tikuwerenga timangodandaula mumdima, osadziwa kuti ngakhale namasupuni amatha kutseka makina. Pamenepo tikaona ndi maso momwe amamutchingira ndi kumuvuula. Tikaonanso mlatho wa njanji yopita ku Nacala, ija timangoiloweza mu Jogalafe ngati nyimbo.

Ndiye tauni ukaionera pamadzi ndi ina, aise. Mu basi umangoona misana ya anzako ndi zikwangwani za mashopu. M'boti muli phee, asodzi akupalasa mabwato awo chapafupi, ndipo mukalowera ku Liwonde National Park mvuu ndi izo, ng'ona zikuwothera dzuwa, mwamwayi njovu zikumwa madzi.

Ndikudziwa zomwe ena munene: ndi kutali. Zoona, mtunda wake ndi pafupifupi kawiri wa ku Senga Bay, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, ndipo boti si laulere. Makolo athu ndalama sachita kutola. Koma bwanji osasiya matisheti a ulendo, omwe timavala tsiku limodzi kenako n'kusanduka chokolopera? Ndalama imeneyo ipite ku mafuta ndi boti, yotsalayo tizipereka pang'onopang'ono kuyambira pano. Za ng'ona musaope: komiti ionetsetse kuti aliyense wavala jekete yoyandamitsa, manja asatuluke kunja.

Enafe ulendo wa sukulu ndi mwayi wokhawo wotuluka mu Lilongwe. Tiuwonongerenji pa mchenga womwe tinauponda kale? Pa msonkhano wa komiti Lachisanu osangong'ung'udza kumbuyo, kwezani dzanja.

Mnzanu wa Fomu 3