Ana nawonso amafedwa

M'chaka cha 1974 mphenzi idapha mtsikana wa zaka 8 m'dziko la America. Mnzake wapamtima, David, adasweka mtima, ndipo mayi ake a David, Katherine Paterson, adasowa mawu omutonthozera. Mayiwo adalemba buku la ana lotchedwa Bridge to Terabithia, lomwe lidatuluka mu 1977. Chaka chotsatira bukuli lidapata mendulo ya Newbery, mphoto yolemekezeka kwambiri pa mabuku a ana m'dzikomo.

Nkhani yake ndi ya Jess Aarons, mnyamata wa pabanja losauka kumudzi wina ku Virginia, ndi mnzake Leslie Burke. Awiriwa amawoloka kamtsinje polendewera pachingwe kupita kunkhalango komwe amayerekeza kuti ndi ufumu wawo. Tsiku lina Jess adapita ku Washington ndi mphunzitsi wake osamuitana Leslie. Pobwerako adamva kuti chingwe chija chidaduka ndipo Leslie adafera m'madzi osefukira.

Jess adayamba wakana kuti mnzake wamwalira. Kenaka adakwiya, n'kumadziimba mlandu kuti akadamutenga paulendowo si bwenzi atafa. Mtima udayamba kukhala pansi bambo ake atamunyamula ngati khanda, komanso mphunzitsi wina atamuuza za imfa ya mwamuna wake. Pamapeto pake Jess adamanga mlatho pamtsinjepo n'kuwolotsa mlongo wake wamng'ono, May Belle.

Ngakhale bukuli lidalandira ulemu wotere, makolo ena adafuna kuti lichotsedwe m'sukulu ndi m'malaibulale, ena kaamba ka mawu ena a m'bukumo, ena ati imfa si nkhani ya ana. Bungwe la American Library Association lidaliika pakati pa mabuku 10 omwe anthu adawadandaula kwambiri m'zaka za m'ma 1990.

Makolowa adali ndi chikondi, koma adalakwitsa. Imfa simayang'ana msinkhu wa wofedwa. Mwana wonamizidwa kuti mayi ake apita paulendo amakhalira kusuzumira kumsewu, ndipo akadzazindikira zoona amasiya kukhulupirira akuluakulu. Wachinyamata yemwe palibe akumufunsa za kukhosi kwake amasenza yekha mlandu wosapalamula, monga adachitira Jess. Ena amalowa pansi m'kalasi, ena amasanduka andewu, anthu n'kumangoti ndi mwano wa kutha msinkhu.

Akuluakulu adati maliro n'kulirana, ndipo sadapatule ana. Makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ayenera kumuuza mwana wofedwa zoona m'mawu oyenera msinkhu wake, kumulola kulira, ndi kumutsimikizira kuti imfayo sadaichititse ndiye. Buku ngati ili lingathandize kuyamba nkhani yomwe pakamwa pamalemera kuitchula. Koma pomaliza pafunika munthu wamkulu wokhala naye pansi mwanayo n'kumumvetsera.