Kodi zaka 45 n'zochedwa kuyamba maphunziro a zamalamulo?

M'makomo ena a ku Area 12, Area 10 ndi Area 43 muno mu Lilongwe, komwe kumakhala akuluakulu ogwira ntchito ku Capital Hill, m'mabanki ndi m'mabungwe a ku City Centre, muli nkhani yomwe imautsa mtsutso pa chakudya chamadzulo. Bambo kapena mayi wa zaka 45, yemwe ali kale ndi digiri ndipo wagwira ntchito zaka makumi awiri, wauza banja lake kuti akufuna kubwerera m'kalasi kukaphunzira zamalamulo. Ana amangoseka, mnzake wa m'banja amayamba kuwerengetsa za fizi, ndipo achibale amanong'onezana kuti mkuluyu wayamba kubwerera ku umwana.

Kuseri kwa mpanda wa nyumba yoyandikana nayo nkhani imakhala yotembenuka. Mtsikana wa zaka 24 wangolandira kumene digiri yake ya zamalamulo ndipo makolo akumuumiriza kuti apitirire msangamsanga kukachita digiri yachiwiri kunja, asanapondeko n'komwe m'bwalo la milandu. Mabanja awiriwa akulimbana ndi funso limodzi: kodi munthu ayenera kukhala wa msinkhu wanji, ndipo akhale atagwirapo ntchito motalika bwanji, asanayambe maphunziro apamwamba a zamalamulo?

Ife tikuona kuti msinkhu pawokha sungatsekereze munthu. Tikuonanso kuti zaka zomwe munthu wakhala pantchito n'chuma chenicheni m'maphunzirowa, ngakhale kuti sizilemba mayeso m'malo mwake. Koma tisanalimbikitse aliyense kutenga chikwama cha mabuku, n'kofunika kuti tiyambe taona njira yake, mtengo wake ndiponso cholinga cha mtima wa wophunzirayo.

Njira yake ili motere. Ku America munthu saloledwa kuyamba zamalamulo asanamalize digiri ina, ndipo akatero amaphunzira zaka zitatu. Kuno kwathu, mwambo wa ku Zomba, ku Chancellor College yomwe kuyambira mu 2021 ndiyo ikutchedwa University of Malawi, wakhala woti munthu salowa m'kalasi ya zamalamulo atangochoka ku Fomu 4. Amayamba waphunzirako maphunziro ena a ukachenjede, kapena amabwera ndi digiri yathunthu, kenako n'kukhala zaka zinayi akuphunzira malamulo. Kuonjezera apo, lamulo latsopano loona za maphunziro ndi ntchito ya maloya, lomwe lidalowa m'malo mwa lakale la 1965, lidakhazikitsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yosula omaliza digiri pa kagwiridwe kenikeni ka ntchitoyi asanavomerezedwe kuimira anthu m'khoti. Choncho woyamba ali ndi zaka 45 ayembekezere kuvala mkanjo wakuda uja ali pafupi ndi zaka 50.

Apa m'pamene ambiri amagwira njakata, poti m'boma munthu amapuma pantchito akakwanitsa zaka 60. Amati kodi n'kwanzeru kuvutika zaka zisanu kuti ukagwire ntchito zaka khumi zokha? Tiyeni tikumbukire kuti zaka zisanuzo zidzadutsabe, kaya munthuyo waphunzira kapena wangokhala. Komanso loya woima payekha palibe kalata yomupumitsa ntchito yomwe imamupeza ali ndi zaka 60. Malingana ngati mutu ukugwira ntchito ndipo thupi likulola, akhoza kutumikira anthu mpaka imvi zitayera mbuu.

Mbiri ya dziko lathu lomwe lino ikuchitira umboni. Malemu Orton Chirwa, yemwe adabadwa mu 1919, adayamba waphunzira ku Fort Hare m'dziko la South Africa n'kugwira ntchito yauphunzitsi asanatembenukire ku zamalamulo. Pomwe ankavomerezedwa kukhala loya ku Lincoln's Inn mumzinda wa London mu 1958, n'kuti ali ndi zaka 39, ndipo adali Mmalawi woyamba kufika pamenepo. Chaka chotsatira, chipani cha Nyasaland African Congress chitaletsedwa ndi atsamunda, iye ndiye adatsogolera kukhazikitsidwa kwa Malawi Congress Party, ndipo pambuyo pake adakhala nduna ya zachilungamo. Akadamvera oti mphunzitsi woyandikira zaka 40 wachedwa, dziko likadasowa loya wakewake panthawi yomwe linkamufunitsitsa.

Mkazi wake, mayi Vera Chirwa, omwe adabadwa mu 1932, adaphunzira zamalamulo ku London m'zaka za m'ma 1960 ali kale mayi wa ana ndiponso atapitirira zaka 30, n'kukhala loya woyamba wamkazi wa dziko lino. Banjali lidagwidwa mu Disembala 1981 ndipo mu 1983 lidagamulidwa kuti liphedwe ndi khoti lamakolo, momwe maloya sankaloledwa kuimira munthu, kotero kuti awiriwa adadziimira okha. Bambo Chirwa adamwalirira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mayi Chirwa adatulutsidwa mu Januwale 1993 ali ndi zaka 60, msinkhu womwe ena amati ndi wopumira, koma iwo adayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu kudziwa ufulu wawo, ndipo adakatumikiranso m'bungwe loona za ufulu wa anthu mu Africa monga woyang'anira za ndende. Maphunziro omwe adawayamba ena akuti achedwa adapindulitsa akaidi a m'mayiko ambiri.

Kunja kwa malire athu, nkhani ya Nelson Mandela ikutiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Iye adayamba digiri ya zamalamulo ku yunivesite ya Witwatersrand mu 1943 koma sadaimalize. Adadzera njira ina yovomerezeka nthawi imeneyo ndipo mu 1952 adatsegula ofesi ya maloya ku Johannesburg limodzi ndi Oliver Tambo. Digiri ija adadzailandira mu 1989 kudzera ku University of South Africa, ali m'ndende ndiponso ali ndi zaka 70. Apa tikuona kuti ukalamba sudamuletse, koma tikuonanso kuti ngakhale munthu wotchuka ngati iyeyo, wodziwa makhoti kwa zaka zambiri, adayenerabe kukhala pansi, kuwerenga ndi kulemba mayeso monga wophunzira wina aliyense.

Nanga munthu wachikulire amalowa ndi chiyani m'kalasi chomwe wachinyamata alibe? Malamulo amanena za moyo wa anthu, ndipo iye moyowo wauona ndi maso. Yemwe wagwira ntchito ku unduna wa zamalo amadziwa momwe poloti imodzi imakhalira ndi eni ake awiri. Namwino wakale amadziwa chomwe chimachitika m'wodi usiku wodwala akasiyidwa osamuona. Wowerengera ndalama amadziwa pomwe chinyengo chimabisala m'mabuku a kampani. Mayi yemwe adaonapo mng'ono wake wamasiye akulandidwa nyumba ndi mbale zomwe maliro asanathe sangawerenge lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye, lomwe limati kulanda katundu wotere ndi mlandu, ngati nkhani ya m'buku chabe. Munthu wotere akakhala loya amadziwa kumvetsera, amadziwa kuti kasitomala wamantha sanena zonse tsiku loyamba, ndipo satengeka msanga ndi mkwiyo wa mbali imodzi. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Komabe tisabise kuti zaka zambiri pantchito zimabweranso ndi katundu wake. Munthu yemwe wazolowera kutchedwa bwana, kutsegulidwa chitseko cha galimoto ndi kusainira makalata olembedwa ndi ena, amavutika kukhala pabenchi limodzi ndi anzake a mwana wake. Mphunzitsi wa zaka 32 adzamubwezera pepala lodzaza inki yofiira, ndipo mnyamata wa zaka 21 adzamuposa pa mayeso. Akamaliza, adzayamba pansi, kunyamula mafayilo a loya wamng'ono kwa iye. Vuto lina n'loti wozolowera ofesi amaganiza kuti momwe takhala tikuchitira ndi momwe lamulo limanenera, pomwe nthawi zina chizolowezicho ndicho chimaphwanya lamulo. Wosafuna kudzichepetsa ndi kuphunzira mwatsopano asayambe n'komwe, chifukwa safunsa adadya phula.

Mtengo wake nawo suchepa, ndipo sugwera wophunzira yekha. Ambuye Yesu adaphunzitsapo za munthu wofuna kumanga nsanja kuti ayambe wakhala pansi n'kuwerengera ngati adzaimaliza. Nyumba ya ku Area 12 imaoneka yokhuta kwa woyenda mumsewu, koma malipiro amodzi omwewo ndiwo amalipira fizi ya ana atatu, kuphunzitsa ana a malemu achimwene, kugula feteleza wa makolo kumudzi ndi kusamala alendo obwera kudzagonekedwa ku Kamuzu Central Hospital. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Zomba pali mtunda wa makilomita pafupifupi 300, choncho wokaphunzira kumeneko ndiye kuti banja likhala ndi makomo awiri. Si chilungamo kuti mwana wa Fomu 3 abwezedwe kusukulu kaamba ka fizi pomwe bambo ake akuphunzira za chilungamo. Sichanzerunso kuthyola ndalama zoyembekezera paukalamba kapena kulowa m'katapila popanda kugwirizana ndi mnzako wa m'banja. Nkhaniyi ikambidwe poyera m'nyumba, ziwerengero zilembedwe papepala, ndipo wogwira ntchito m'boma apemphe tchuthi cha maphunziro mwadongosolo m'malo momazemba muofesi anthu akudikira pamzere.

Tili ndi mawu apadera kwa abambo. Amayi ambiri adaimitsa maloto awo a sukulu kuti alere ana ndi kugwiriziza pakhomo pomwe amuna awo ankakwera m'maudindo ndi kupita kunja kukaonjezera maphunziro. Ana akakula mayi n'kunena kuti tsopano ndi nthawi yanga, si bwino kumuyankha kuti wakalamba. Gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko lino limapereka ufulu wa maphunziro kwa anthu onse, ndipo chikondi cha m'banja chimafuna kuti amene adathandizidwa dzana athandizeko mnzake lero. Bambo amene angaphunzire kuona homuweki ya ana ndi kukagula ndiwo kumsika mkazi wake ali pamabuku sadachepe ulemu ngakhale pang'ono.

Kwa makolo a wachinyamata uja, malangizo athu ndi oti kuthamanga sikufika. Digiri yachiwiri ya zamalamulo imafuna kuti munthu asankhe mbali imodzi yozamirapo, kaya ndi malamulo a zamalonda, a misonkho, a ufulu wa anthu kapena a pakati pa mayiko. Kodi mwana yemwe sadakhalepo ndi kasitomala angasankhe bwanji mwanzeru? Zaka ziwiri kapena zitatu ku Legal Aid Bureau, ku ofesi yozenga milandu ya boma kapena pansi pa loya wodziwa ntchito zidzamuonetsa komwe mtima wake uli, ndipo kafukufuku wake adzachokera pa mavuto enieni a Amalawi. Mabungwe ena opereka thandizo la maphunziro amafunanso zomwezo. Mwachitsanzo, thandizo la Chevening la boma la Britain limafuna kuti wopempha akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri. Koma mwayi wolipiriridwa zonse ukapezeka lero, mwana asaukane poti ndi wamng'ono, popeza nayenso msinkhu suyenera kumutsekereza.

Chachikulu koposa zonsezi ndi cholinga. Alipo ofuna zamalamulo kuti akabwezere abale omwe adawalanda munda. Ena akopeka ndi magalimoto a maloya otchuka, osadziwa kuti alipo ambiri omwe amavutika kulipira lendi ya ofesi. Enanso akungofuna dzina loti azilemekezedwa nalo pamaliro ndi paukwati. Zolinga zoterezi sizingamudzutse munthu wa zaka 47 usiku kuti awerenge zigamulo zamasamba makumi asanu. Pomwe Yetero ankalangiza mkamwini wake Mose za anthu oyenera kuweruza milandu, m'chaputala 18 cha buku la Eksodo, adatchula luso, kuopa Mulungu, kukhulupirika ndi kudana ndi ziphuphu. Za kuchuluka kapena kuchepa kwa zaka sadatchulepo. Muyeso umenewu ukadali woyenera kwa aliyense wofuna kugwira ntchito m'nyumba ya chilungamo.

Ndipo ntchito ilipo yambiri. Maloya athu adaunjikana m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, pomwe anthu ambiri akumudzi amaima okha pamaso pa majisitireti osadziwa n'choyankha chomwe. Ku ndende ya Maula, muno mu Lilongwe momwe, muli anthu odikira milandu yawo omwe akusowa wowalankhulira. Munthu wachikulire yemwe ana ake adakula, nyumba adamanga kale ndipo sakuthamangitsanso chuma, ndiye angathe kupatula masiku ena pamwezi kuimira osauka otere popanda malipiro. Kwa amene aona kuti zaka zisanu n'zosatheka, njira zina zilipo, monga dipuloma ya zamalamulo kapena ntchito ya alangizi a zamalamulo omwe kuyambira m'chaka cha 2000 akhala akuyendera ndende zathu n'kumathandiza akaidi kumvetsa milandu yawo.

Choncho, okondedwa awerengi, wina m'banja mwanu kapena mumpingo mwanu akadzakuuzani kuti akufuna kuyamba maphunzirowa, musafulumire kumufunsa chaka chomwe adabadwa. Mufunseni chifukwa chomwe akuwafunira, ngati wakambirana ndi a m'nyumba mwake, ngati fizi ya ana yatetezedwa ndiponso ngati ali wokonzeka kulangizidwa ndi aang'ono kwa iye. Akayankha bwino mafunso anayiwa, mupempherereni, mumuchepetsereko maudindo a m'makomiti a mpingo panthawi ya mayeso, ndipo mumulole apite kusukulu ndi mtendere.