Mphwanga Wasiya Maseŵera Ake

Mwezi uno ndafuna kuti tikambirane nkhani ya m'banja mwathu momwe. Mwini nkhani wandilola kuti ndiilembe, malinga ndisatchule dzina lake.

Tsiku lina Loŵeruka, ndili pakhonde kuchonga makope a ana a Sitandade 6, mlongo wanga adatulukira nkhope ili ŵaliŵali. Asanakhale n'komwe pamphasa adati, "Achimwene, Mulungu wamva mapemphero athu. Mwana uja wasiya zidole zake zija." Mwana amene ankanenayo ndi munthu wamkulu wa zaka 31. Adapita ku Britain kukaphunzira, ndipo tsopano akugwira ntchito mumzinda wa Leeds. Kwa zaka zisanu ndi ziŵiri takhala tikumudandaula. Amayi ake akamuimbira foni Lachiŵiri kapena Lachinayi madzulo, ankayankha mwachidule kuti, "Amayi, ndikuimbirani maŵa, anzanga akundidikira." Anzakewo ife sitidawaonepo, ngakhale iye mwini sadagwiranepo nawo chanza.

Kwa inu amene simudaonepo zinthu zimenezi, ndiyambe ndafotokoza. Pali maseŵera ena a pa kompyuta amene munthu saseŵera yekha. Kupyolera pa intaneti, anthu zikwizikwi a m'maiko osiyanasiyana amaloŵa nthaŵi imodzi m'dziko limodzi lopeka, lokhala ndi mizinda yake, nkhalango, mapiri ndi misika. Aliyense amadzipangira kamunthu kake, nakapatsa dzina ndi ntchito. Ena ndi ankhondo onyamula chishango, ena oponya mivi, ena ochiritsa anzawo ovulala. Kamunthuko kamayamba kali kosauka ndi kofooka, koma kakamagwira ntchito zimene katumidwa ndi kupha zilombo kamakwera msinkhu, monga mwana akwera makalasi, ndipo kamapeza zida ndi zovala zabwinopo. Dziko limenelo silitseka. Iwe ukazimitsa kompyuta n'kukagona, anzako a kutsidya la nyanja ndiye akuŵeruka kumene kuntchito, ndipo msika uli m'kati.

Otchuka koposa mwa maseŵera otere ndi World of Warcraft, amene kampani ya Blizzard ya ku America idatulutsa mu Novembala 2004. Woseŵera amalipira mwezi ndi mwezi, pafupifupi madola 15. Pofika Okutobala 2010 olipira adakwana mamiliyoni 12, chiŵerengero chosatalikirana ndi cha anthu onse a m'Malaŵi muno pa kalembera wa 2008, amene adapeza anthu mamiliyoni 13. Koma pofika 2015 adatsika kufika pa mamiliyoni 5.5, ndipo kampaniyo idaleka kulengeza chiŵerengerocho. Tsono mphwanga si woyamba kutopa. Maseŵera ake adali a mtundu womwewu, ndipo njira imene wayendamo adayendamo kale anthu ochuluka.

Lamulungu masana, nditabwerako ku tchalitchi, ndidamuimbira kuti ndimuyamikire. Mawu anga ndidali nditawakonza kale, ndi vesi lomwe. Koma atayankha ndidadabwa, pakuti mawu ake adali ngati a munthu wochokera kumanda.

"Atsibweni," adatero, "musandiyamikire ngati kuti ndalimbana ndi chinthu n'kuchigonjetsa. Sindidalimbane nacho. Chilakolako changotha chokha. Ndimayatsa kompyuta, ndiona kamunthu kanga kataima pakati pa mzinda, ndipo sindidziŵa chimene ndaloŵera. Pakapita mphindi khumi ndizimitsa."

"Nanga si zabwino zimenezo?" ndidafunsa.

"Kaya, atsibweni. Tsopano Lachiŵiri madzulo ndimangokhala."

Vesi langa lija ndidalisunga, ndipo m'malo mwake ndidamupempha kuti andifotokozere kuyambira pachiyambi. Tidacheza kwa ola lathunthu, ndipo ndiyenera kuvomera kuti m'zaka zisanu ndi ziŵiri zonsezo aka kadali koyamba kuti wina wa m'banja mwathu amufunse chimene ankachita m'menemo. Tonse tinkangomufunsa kuti adzaleka liti.

Iye adali wochiritsa m'gulu la anthu pafupifupi makumi aŵiri. M'maseŵera ameneŵa muli zilombo zina zimene munthu mmodzi sangazithe, ndipo gulu limapangana tsiku ndi nthaŵi yokakomana nazo. Lawo linkakomana Lachiŵiri ndi Lachinayi, 8 koloko madzulo. Mudali woyendetsa basi wa ku Scotland, namwino wa ku Sweden, ana a sukulu aŵiri a ku Poland, ndi ena. Wochiritsa akapanda kubwera, anzake onse ankagwa ndipo madzulo onsewo ankapita pachabe. Mwa ichi akachedwa ndi mphindi zisanu zokha, foni yake inkayamba kulira. Taganizani mnyamata wochokera kwathu kuno, kumene munthu sadutsa pabwalo osapatsidwa moni, atakhala m'kachipinda kayekha m'dziko limene mu Disembala kumada 4 koloko madzulo. Anthu makumi aŵiri ankadziŵa ngati iye wafika kapena sadafike.

Kenaka adandiuza chinthu chimene chidanditsekereza pakamwa. Bambo ake adamwalira mu 2020, nthaŵi imene ndege zidaimitsidwa chifukwa cha Covid, ndipo iye sadathe kubwera kumaliro. Ife tidatanganidwa ndi bokosi, manda ndi chakudya cha anthu, ndipo tidamuimbira kwa mphindi zoŵerengeka chabe. Usiku umenewo lidali tsiku la gulu lawo. Atawauza, anzakewo sadapite kunkhondo kwawo kuja. Adakhala naye pa intaneti, akucheza ndi kumufunsa za bambo ake, kufikira pakati pa usiku. Mzungu wa basi uja ndiye adatsala womaliza. Kwathu kuno timati kugona pamaliro, ndipo amene wagona pamaliro ako sumuiŵala. Awo ndiwo anthu amene mlongo wanga ndi ine tinkawatcha zidole.

Pano wina asandimve molakwa, ngati kuti mkulu wa mpingo wayamba kulalikira maseŵera. Amayi ake sankadandaula pachabe. Mnyamatayo ankagona mochedwa, maphunziro ena owonjezera adawazengereza zaka ziŵiri, ndipo panali miyezi imene mawu ake sitinkawamva. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, mu 2019 lidavomereza kuti kukodwa ndi maseŵera a pa kompyuta kuloŵe m'ndandanda wa matenda. Zizindikiro zake n'zakuti munthu walephera kudziletsa, waika maseŵera patsogolo pa zonse, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona kuti akuwonongeka, kwa miyezi khumi ndi iŵiri kapena kuposerapo. Bungwelo lidanenanso kuti ofika pamenepa ndi ochepa mwa oseŵera onse. Mphwanga sadafikepo, pakuti ntchito sadajombe ndipo ndalama za amayi ake sizidaduke, koma mbali imeneyo adayendako.

Nanga chidazimitsa moto n'chiyani? Poyamba adatchula kutopa ndi ntchito ya m'maseŵeramo. Munthu akangoyamba, kamunthu kake kamakwera msinkhu kangapo madzulo amodzi, ndipo phiri lililonse limene akwera amaona dziko latsopano. Koma msinkhu uli ndi polekezera. Akafika pamwamba, chotsala n'kubwereza. Chilombo chomwecho amachipha mlungu ndi mlungu, poyembekeza kuti mwina lero chisiya lupanga limene iye akufuna, pakuti zofunkha zimagwa mwamwayi. Ife aphunzitsi tidamva za chinthu chimenechi ku koleji. Katswiri wa ku America, B. F. Skinner, adayesa nkhunda m'zaka za m'ma 1950, napeza kuti nkhunda imene ilandira chakudya mosadziŵika nthaŵi yake imajompha molimbika ndiponso imachedwa kuleka, koposa imene ilandira nthaŵi zonse. Imachedwa, komatu chakudya chikaleka kukhala ndi ntchito kwa iyo, imaleka ndithu. Ine ndaziona m'kalasi. Mwana ukamulembera nyenyezi m'kope teremu yoyamba, amathamanga nayo kukaonetsa amake. Pofika teremu yachitatu amaiyang'ana ngati dontho la inki. Mphwanga adati lupanga limene adavutikira miyezi inayi lidasanduka chabe pamene gawo latsopano la maseŵerawo lidatuluka, chifukwa zida za m'gawo latsopano zidaposa zakale zonse. Zitachitika kachitatu, adayamba kuŵerenga maola.

Koma nditamufunsitsa ndidaona kuti chimenechi sichidali chenicheni, pakuti kubwerezako adakupirira zaka zambiri osadandaula. Ndani mwa ife sabwereza? Mlimi amalima munda womwewo chaka ndi chaka, ndipo akwaya amaimba mzere umodzi kakhumi Lachitatu madzulo. Ntchito yobwereza imapiririka pamene uli ndi anzako. Chimene chidachitika n'chakuti gulu lidayamba kuthothoka. Namwino uja adabala mwana. Ana a sukulu aja adatsiriza maphunziro napeza ntchito. Wa basi adasinthidwa kuti aziyendetsa usiku. Palibe amene adatsazika, aliyense ankangoti abwera mlungu wamaŵa. M'malo mwawo mudaloŵa achilendo amene ankafuna zofunkha zokha, ndipo zikagaŵidwa ankatuluka osanena ndi zikomo yemwe.

Dandaulo lotere lidamvekanso pakati pa oseŵera World of Warcraft. Mu Disembala 2009 mudaikidwa njira yakuti kompyuta izikusankhira yokha anthu oyenda nawo, m'malo moti uyendeyende mumzinda kupempha anzako. Idafupikitsa nthaŵi yodikira ndipo ambiri adaikonda, koma ena adati tsopano munthu amayenda ndi anthu amene sadzawaonanso, kotero kuti palibe chifukwa chodziŵira dzina la wina. Mu Ogasiti 2019 kampaniyo idatulutsanso maseŵerawo monga adaliri pachiyambi, ndi kuchedwa kwake konse, ndipo anthu adakhamukirako mpaka kudikira maola pamzere kuti aloŵe. Ine ndiganiza kuti ambiri a iwo ankafunafuna anzawo akale, monga munthu abwerera kubwinja la mudzi kumene adakulira. Mitengo ya mango amaipeza ilipo.

Mphwanga adati m'maseŵeramo muli ndandanda wa maina a anzako, ndipo dzina la amene waloŵa limaŵala, la amene kulibe limakhala lotuŵa, pambali pake patalembedwa nthaŵi imene adaonekera komaliza. Tsiku lotsiriza adauŵerenga wonse kuyambira pamwamba: miyezi isanu ndi itatu, chaka chimodzi, zaka ziŵiri. Dzina loŵala lidali lake lokha. Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, ndipo mwambiwo, zikuoneka, ugwiranso ntchito ngakhale m'dziko lopeka.

Ndidamufunsa za tchalitchi, monga mkulu wa mpingo aliyense akadafunsira. Adati chaka chake choyamba adapitako Masabata atatu ku tchalitchi china cha pafupi ndi kumene ankakhala. Adalandiridwa pakhomo ndi kumwetulira ndi buku la nyimbo, nakhala kumbuyo. Sabata lachinayi adadwala chimfine osapita, lachisanu adachita ulesi, ndipo palibe amene adafunsa, popeza padalibe amene adadziŵa dzina lake. "Sindikuwada ayi, atsibweni," adatero. "Kungoti kumeneko kudalibe ntchito yanga. Uku ndikapanda kubwera anthu ankafa."

Ndidafuna kumuyankha kuti ku nyumba ya Mulungu sitipitira kukafunidwa ndi anthu, ndipo zimenezo n'zoona. Koma mtumwi Paulo, mu 1 Akorinto 12, adafotokoza mpingo monga thupi limene chiŵalo chake chilichonse chili ndi ntchito, ndipo ndidachita manyazi kuona kuti anthu opha zilombo zopeka adakonza zinthu zawo motero pamene ife tingoziŵerenga. Nditatseka foni ndidatenga kope langa la Akhristu a m'dera limene ndimayang'anira. Muli maina 46. Achinyamata atatu sadaoneke chichokere Pasaka, ndipo pambali pa maina awo ndidali nditaika kale kamtanda ndi pensulo, kuti ndikawatchule pa msonkhano wa akulu a mpingo. Kunyumba kwawo ndidali ndisadapondeko. Mmodzi wa iwo amadziŵa kukonza zokuzira mawu, ndipo zathu zakhala zikulira ngati njuchi chiyambire Juni.

Mlongo wanga ndidamuuza zonse, ndi za usiku wa maliro zomwe. Adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adafunsa ngati mzungu wa basiyo angapezeke kuti amuthokoze. Mphwanga ali nayo nambala yake, koma akuti sadaimbiranepo chilekere maseŵera, chifukwa sadziŵa chimene angakambirane. Ndidamuuza kuti amuimbire ndithu, anene kuti amayi akupereka moni, zotsalazo zidzabwera zokha.

Ndalama za mwezi ndi mwezi zija adaleka kulipira mu Meyi. Kamunthu kake sadakafafanize. Akuti kakadali komweko, kataima pafupi ndi chitsime cha pakati pa mzinda, ndi zida zake zonse. Tapangana kuti Lachiŵiri lililonse ndizimuimbira ikakwana 8 koloko ya kwawoko, imene miyezi ino ili 9 koloko kwathu kuno. Mlungu watha ndidachedwa ndi mphindi khumi chifukwa magetsi adazima ndipo foni idalibe moto. Nditayatsa ndidapeza uthenga wake uli kale pamenepo: "Atsibweni, muli kuti?"