Kangachepe ka Disembala

Disembala akafika, magalimoto amachuluka pa msewu wa M5. Ena a ife timachokera ku Lilongwe, kudzera ku Salima, kukapumulako kunyanja ku Nkhotakota. Ena ndife eni dera, ndipo tili ndi mlonda kapena mayi wotithandiza pakhomo. Koma funso limene timamva ndi limodzi: "Bwana, nanga Khisimisi bokosi?"

Tisanadandaule kuti anthu achuluka kupempha, tikumbukire mmene mwezi uno umakhalira kugombe. Kuyambira Novembala boma limaletsa makoka ena kuti chambo chiswane, choncho m'mabanja ambiri ndalama ya nsomba imachepa. Chimanga chayamba kutha m'nkhokwe, munda ukufuna feteleza, ndipo fizi ya Januwale ili pakhomo. Nchifukwa chake ife timati kangachepe ka wantchito wa pakhomo kaperekedwe kumayambiriro kwa mwezi. Kakafika pa 25, kamathera mu zakumwa za tsiku limodzi, feteleza atachedwa kale.

Ndipo kangachepe si malipiro. Kumpatsa mlonda nkhuku pamene malipiro ake a Novembala sitinamalize ndi kumunyoza. Tiyambe tabweza ngongoleyo.

Kumalo ogona alendo ambiri timanamizidwa ndi bilu. Timaona VAT ndi msonkho wa zokopa alendo wa 1 peresenti, n'kumaganiza kuti woperekera zakudya wapeza kale gawo lake. Ayi, zimenezo si zake. Ndi bwino kufunsa ngati pali bokosi limene antchito onse amagawana, chifukwa amene amatimwetulira patebulo si yekha amene watitumikira. Alipo wochapa zofunda, wotsuka mbale, ndi mlonda amene wachezera kulumidwa ndi udzudzu kuti galimoto yathu igone bwino. Awatu sitiwaona, ndiye amaiwalika chaka ndi chaka.

Kuchuluka kwake kulibe lamulo. Thumba la munthu ndilo limanena. Chachikulu ndi kaperekedwe. Tiike mu envulopu, timuitanire pambali, tipereke ndi manja awiri, osati kuponya patebulo anzathu akuonerera. Tikatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, tiwonjezere yotapira. Amene akufuna kupereka katundu, mpunga wa konkuno, nyemba, mafuta ophikira ndi sopo zimafika mpaka kwa ana. Botolo la mowa silifika, ndipo malaya ong'ambika amene tatopa nawo asatchedwe mphatso.